Mtedza M'mphika Mwathu: Nsinjiro, Chuku ndi Ziwengo

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Nkhani ya lero ndi ya mtedza, ndipo ikuyambira kum'mwera kwa dziko lino m'chaka cha 1990.

Chaka chimenecho, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique munabuka matenda amene anaimitsa mitu achipatala. Khungu la m'khosi, la kuseri kwa manja ndi la pamapazi, paliponse pamene dzuwa limaomba, linkada, kukhakhala, n'kumasupuka. Ena ankatsegula m'mimba, ena mutu unkasokonekera. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala, odwala anapitirira 18,000 mwa anthu pafupifupi 286,000 a m'misasa imene inafufuzidwa. Anali matenda a pellagra, amene amagwira munthu thupi lake likasowa vitamini B3, wotchedwanso niacin. Ufa wa chimanga unkabwera ndithu, nsima inkaphikidwa. Chimene chinasowa ndi mtedza, umene unali pa mndandanda wa chakudya chogawidwa koma unaleka kufika kwa miyezi ingapo. Mtedza utayambanso kugawidwa, pamodzi ndi mapiritsi a mavitamini, matendawo anazilala.

Chimanga chili naye niacin, koma ndi womangika mwakuti thupi limalephera kumutenga. Anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, anatulukira kalekale kuti ukachiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa vitaminiyu amamasuka. Chimanga chinawoloka nyanja kubwera ku Africa, koma luso limenelo linatsala komweko. Kuno dzenjelo linakwiriridwa ndi ndiwo, makamaka nsinjiro, ndipo agogo amene ankalimbikira kutendera mkhwani anali kuteteza mabanja awo ku matenda amene sankawadziwa n'dzina lomwe.

Mtedza ndi chakudya chonona. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo, mtedza umawerengedwa m'gulu la nyemba, koma m'mphika umagwiranso ntchito ya mafuta. Izi n'zofunika chifukwa vitamini A wochokera m'masamba, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi, salowa bwino m'magazi popanda mafuta. Bonongwe wongowiritsa ndi mchere ndi bonongwe wotendera sizifanana, ngakhale zitathyoledwa pachulu chimodzi.

Katenderedwe nako kali ndi malamulo ake. Mkhwani amausadzula, kuutsuka usanadulidwe, ndipo amauponya m'madzi ochepa owira kale pamodzi ndi tomato ndi mchere. Ukangofota amathira nsinjiro pamwamba, osatakasa, n'kuvundikira kuti nthunzi iziphike kaye. Pakapita kanthawi ndiye amatakasa n'kuchepetsa moto, chifukwa nsinjiro sizichedwa kupserera pansi pa mphika, pamene zosapsa zimasiya fungo lauwisi ndipo zimavutitsa m'mimba. Njira yomweyi imagwira pa chisoso, kholowa, khwanya ndi mfutso wa m'chilimwe. Mbatata kapena chinangwa chikalandira nsinjiro chimasanduka futali, chakudya chimene mwana akadya m'mawa amafika nacho masana osadandaula.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimabweza ntchito yonseyi m'mbuyo, ndicho kuthira soda kapena chidulo chambiri m'masamba. N'zoona kuti ndiwo zimafewa msanga, nkhuni n'kupulumuka, mtundu n'kukhala wobiriwira bwino. Koma soda amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Therere lili ndi mlandu wake, poti popanda chidulo ambiri salilandira kuti ndi therere. Koma masamba anthete a mpiru kapena a chayinizi safuna soda ngakhale pang'ono.

(Nyimbo yaifupi)

Umboni waukulu wa mphamvu ya mtedza uli m'kapaketi kamene amayi ambiri akukadziwa, ka chiponde cha kuchipatala. Chakudyachi chinapangidwa koyamba ku France mu 1996 ndi dokotala wa ana André Briend mogwirizana ndi kampani ya Nutriset, ndipo anachitcha Plumpy'Nut. Muli mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ya m'thupi. Paketi imodzi imalemera magalamu 92 ndipo imapatsa makalori 500. Mulibe madzi, choncho tizilombo ta matenda sitiswanamo, ndipo sichifuna kuphika kapena kusungunula.

Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene anatsimikizira dziko lonse kuti chipondechi chimagwira ntchito. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Mark Manary, dokotala wa ana wochokera ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, amene ankagwira ntchito ku Blantyre, anayesa kupatsa amayi chiponde kuti azikadyetsa ana onyentchera kunyumba m'malo mowagoneka m'chipatala masabata ambiri. Ana ochira anachuluka kuposa kale, ndipo mayi sankasiyanso munda ndi ana ena kuti akadikirire mmodzi. Mu 2004 Manary anakhazikitsa bungwe la Project Peanut Butter, lomwe linayamba kupanga chiponde m'dziko momwe muno, ndipo mu 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza njirayi kuti izigwiritsidwa ntchito kulikonse. Tsono chipondechi ndi mankhwala a mwana amene walembedwa kuchipatala. Chikamagawidwa kwa abale ake, kapena chikapezeka pa benchi ya wogulitsa maswiti, ndiye kuti pali mwana wina amene kuchira kwake kwachedwetsedwa.

Banja lililonse likhoza kutengapo phunziro pa phala la tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mimba ya mwana wa miyezi isanu ndi itatu ndi yaing'ono, ndipo phala lamadzimadzi la ufa woyera limaidzaza popanda kuipatsa kanthu. Phala la mgaiwa, lolimbako, lothira supuni ya nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, limanyamula chakudya chochuluka m'kapu yomweyo.

(Nyimbo yaifupi)

Tsopano mbali yowawa. Mu 1960, ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 m'miyezi yochepa. Ofufuza atalondola anapeza kuti zonse zinadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo mtedzawo unali ndi chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Chimakhala m'nthaka, chimakonda kutentha ndi chinyezi, ndipo zakudya zimene chimazikonda kwambiri ndi zomwe zimadyedwa kuno tsiku lililonse, mtedza ndi chimanga.

Poizoniyu amalunjika pachiwindi. Akachuluka nthawi imodzi amapha m'masiku ochepa: mu 2004, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi madera oyandikana nawo ku Kenya, anthu 317 anadwala atadya chimanga chosungidwa chisanaume, ndipo 125 anamwalira, ambiri maso ali chikasu, mimba ndi miyendo zitatupa. Koma zoterezi sizichitikachitika. Chofala ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, popanda chizindikiro chilichonse. Bungwe la WHO loona za khansa linaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Kafukufuku wa ku Benin ndi ku Togo anapezanso kuti ana amene anali ndi poizoniyu wambiri m'magazi ndiwo anali opinimbira kwambiri.

Apa ndi pamene ophika ambiri amanamizidwa ndi moto. Anthu anazolowera kuti chilichonse chikawira chayera, ndipo pa tizilombo ta kolera kapena ta taifodi zimenezo n'zoona. Aflatoxin si kachilombo koti kafe. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene poizoniyu sawonongeka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 250. Kukazinga kumamuchepetsako, koma sikumuthetsa. Phala likhoza kubwata ola lathunthu, iye ali momwemo. Alibenso fungo kapena mtundu woti munthu n'kumuzindikira m'nsinjiro zosinja kale. Ndipo mlingo wake woopsa ndi wochepa modabwitsa: mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 pa biliyoni, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Malamulo okhwima oterewa ndi ena mwa zifukwa zimene mtedza wa Malawi, umene mtundu wake wa Chalimbana unali wotchuka ku Ulaya, unataya msika wake kumeneko.

Nkhondo yolimbana ndi chuku imamenyedwera kumunda, pabwalo ndi palichero. Alimi a ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe, ngakhalenso anzawo a ku Chipata, amadziwa kuti mvula ikadula msanga mtedza uli pafupi kukhwima, makoko amang'aluka, chiswe chimaboola, ndipo chuku chimapeza khomo. Kubzala ndi mvula yoyamba ndi kupanga mizere yotseka kuti madzi asathawe kumathandiza. Kukumba mochedwa kumawononga, monganso kukumba mosasamala khasu n'kumatema makoko. Poumitsa, chofunika n'chakuti mphepo izidutsa. Mtedza wouma bwino umalira ukaugwedeza m'khoko mwake. Umasungika bwino uli m'makoko momwemo, m'matumba olowa mpweya, osanjikidwa pathandala osati pansi, kutali ndi khoma lachinyezi.

Pali mchitidwe wina umene uyenera kutchulidwa mosabisa. Nthawi yoswa mtedza, ena amauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke, komanso kuti ulemere pasikelo ya venda. Mtedza wonyowetsedwawo umalowa m'thumba, thumba n'kumangidwa, n'kukakhala m'nyumba yotentha. Palibe njira yachangu yoweta chuku kuposa imeneyi, ndipo makilogalamu ochepa amene wogulitsa wapindula amalipiridwa ndi chiwindi cha munthu amene sadzamuona.

Nkhani yabwino ndi yakuti poizoniyu samwazikana mofanana m'thumba lonse. Amaunjikana m'njere zochepa: zofota, zosweka, zobooka, zakuda, zosintha mtundu, zowawa ukaziluma. Ndiye chifukwa chake kusankha ndi manja kuli ndi mphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Limbikani Matumba, katswiri wa ku yunivesite ya LUANAR amene wafufuza kwambiri za chuku, anayerekeza ndi anzake njira zosiyanasiyana zoyeretsera chimanga, ndipo anapeza kuti kusankha ndi manja kunachotsa poizoni wambiri kuposa kutsuka kapena kukonola. Mayi amene wakhala pamkeka ndi lichero, kuchotsa njere imodziimodzi asanasinje, akugwira ntchito imene moto sungaigwire.

Funso ndi lakuti, mtedza wosankhidwawo umapita kuti? Nthawi zambiri wabwino umapita kumsika, woipa n'kutsala pakhomo kuti ana azikazinga. Kapena umagulitsidwa motchipa kwa anthu amene amakaugayitsa n'kuumanga m'timapepala ta nsinjiro, mmene diso silingaonenso kanthu. Ena amapatsa ziweto, osadziwa kuti nkhuku zimadwala nawo n'kuchepetsa kuikira, ndipo ng'ombe ikadya, gawo la poizoniyo limatulukira mumkaka. Mtedza wotere malo ake ndi kudzenje kapena pamoto. Banja limene lingathe, ligule mtedza wathunthu, lisankhe lokha, lisinje zokwanira masiku ochepa basi, popeza nsinjiro zimayamwa chinyezi msanga. Wogula chiponde cha m'botolo ayang'ane chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

(Nyimbo yaifupi)

Chuku chimavulaza aliyense wodya. Ziwengo n'zina: mtedza ukhoza kukhala wabwinobwino, banja lonse n'kudya osamva kanthu, koma mmodzi yekha thupi lake n'kuuona ngati mdani. Asilikali a m'thupi amalimbana ndi zomanga thupi za mumtedza, ndipo zizindikiro zimabwera msanga, kawirikawiri pasanathe maola awiri, nthawi zina m'mphindi zochepa chabe: zidzolo zoyabwa zotukuka, milomo ndi zikope kutupa, kusanza, m'mimba kupota. Apanso moto suthandiza. Zomanga thupi zoyambitsa ziwengozi sizitha ndi kuphika, ndipo kwa munthu amene mtedza umamuwenga, ngakhale chipande chimene chatakasa ndiwo zotendera n'kukalowa mumphika wake chimakwanira.

Si mtedza wokha. Mazira, mkaka, nsomba, soya, tirigu ndi chitowe zimawenganso anthu ena, ndipo pali ena amene amatupa akadya ngumbi kapena mphalabungu. Koma si kudwala kulikonse kobwera munthu atadya kumene kuli ziwengo. Akuluakulu ambiri muno mu Africa akamwa mkaka wosawasa mimba imadzaza mpweya n'kutseguka, chifukwa matupi awo anachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka. Anthu omwewo chambiko kapena yogati amamwa bwinobwino. Usipa wosungidwa poipa ukhozanso kudwalitsa onse odya. Kulekanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala, ndipo n'kofunika, chifukwa mwana amene waletsedwa mazira, nsomba ndi mtedza mongoganizira amatsala ndi nsima ndi masamba okha.

Pa nkhani ya ana, mayiko olemera anayenda njira yokhota. Mu 2000, bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza kuti ana amene ali pachiopsezo asalawe mtedza mpaka atakwana zaka zitatu. Ziwengo sizinachepe. Ndiye Gideon Lack, pulofesa wa ku King's College London, anaona chinthu chachilendo: ana achiyuda a ku Britain ankawengedwa ndi mtedza pafupifupi kakhumi kuposa ana achiyuda a ku Israel, kumene makanda amapatsidwa msanga kachakudya kofewa ka mtedza kotchedwa Bamba. Iye ndi anzake anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, onse okhala ndi vuto lalikulu la khungu la eczema kapena owengedwa ndi mazira. Theka ankadya za mtedza sabata iliyonse, theka sankalawa. Zotsatira zinatuluka mu 2015: pofika zaka zisanu, ana 17 mwa 100 alionse osalawa aja anali ndi ziwengo za mtedza, pamene mwa odya aja anali atatu okha. Mu 2017 America inasintha malangizo ake.

Kwa mayi wa ku Mitundu kapena ku Katete amene amathira nsinjiro m'phala la mwana akangokwana miyezi isanu ndi umodzi ya kuyamwitsa mwakathithi, kafukufukuyu sanabweretse chachilendo. Anangotsimikiza zimene amachita kale. Chenjezo lili pawiri pokha. Mtedza wathunthu si wa mwana wosakwana zaka zisanu, chifukwa umatsamwitsa. Apatsidwe wosinja, wophikidwa m'phala. Ndipo khanda limene khungu lake ndi louma, loyabwa ndi la zilonda kwambiri, kapena limene linatupapo litadya dzira, lionedwe kaye kuchipatala lisanayambe nsinjiro.

Amalawi okhala ku Britain akudziwa mmene nkhaniyi ilili yaikulu kumeneko. Masukulu ambiri salola mtedza m'chakudya chimene mwana wanyamula, ndipo kuyambira Okutobala 2021 lamulo limakakamiza ogulitsa zakudya zokulungidwa pamalo pomwepo kulemba zonse zimene zilimo. Kuno ndiwo zotendera paukwati, pamaliro kapena kusukulu yogonera sizilembedwa kanthu, choncho munthu amene mtedza umamuwenga ayenera kufunsa asanasambe m'manja, ndipo wophika akauzidwa asatenge ngati matama kapena kunyoza chakudya. Kholo la mwana wotere liuze aphunzitsi, agogo ndi anansi amene mwanayo amadyako.

Choopsa kwambiri ndi chimene madokotala amati anaphylaxis. Lilime kapena kukhosi kumatupa, mawu amasasa, kupuma kumalira ngati kwa wodwala mphumu, munthu amachita chizungulire kapena kukomoka. Pamenepo si nthawi yomumwetsa mkaka, makala osinja kapena madzi a mchere kuti asanze, ndipo mapiritsi a ziwengo monga piriton, amene amathandiza pa zidzolo, sangatsegule kukhosi kotupa. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobayidwa pantchafu, ndipo amafunika m'mphindi zoyambirira. Wodwalayo agonekedwe chagada miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati akubanika, koma asaimirire kapena kuyenda yekha. Anyamulidwe pa chilichonse chimene chapezeka, galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, kupita kuchipatala chapafupi, ndipo womuperekeza anene pakhomo pomwe chimene wodwalayo wadya ndi nthawi imene wadyera. Ngakhale atatsitsimuka, adikire kuchipatalako monga achipatala anenera, chifukwa zizindikirozi nthawi zina zimabwereranso pakapita maola angapo.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)